KODI PAKATI PA BWALO PALI YANI?

Lero tikulankhula makamaka ndi inu abale ndi alongo a ku Gweru, ku Shurugwi, ku Kwekwe, ku Redcliff ndi ku Zvishavane, inu amene makolo anu anachokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'migodi ya chigawo cha Midlands m'dziko la Zimbabwe. Phunziro lathu likukhudza chinthu chooneka chaching'ono, ndicho mzere wozungulira. Anthu a zipembedzo zambiri pa dziko lapansi, ngakhale amene sanaonanepo, akafuna kufotokoza mmene kumwamba, dziko ndi malo a akufa zinaikidwira, amajambula chithunzi chozungulira ngati mkombero wa lichero. Tikufuna tione tanthauzo la zithunzi zimenezi, kenaka titsegule buku la Ezekieli, chaputala choyamba, kuti timve zimene Mulungu anaonetsa wansembe wina amene anali kutali ndi kwawo.

Chikhomo ndi chingwe

Tiyambe ndi zimene tonse tikuzidziwa. Mmisiri womanga nyumba yozungulira sayamba ndi khoma. Amayamba wakhoma chikhomo pansi, namangirirapo chingwe, ndipo kunsonga kwa chingwecho amamangako kamtengo kosongoka. Akamayenda mozungulira chingwe chili chokungika, kamtengo kaja kamalemba mzere pansi, ndipo mzerewo umakathera pomwe unayambira. Chikhomo chikasuntha, nyumba yonse imapotoka, ndipo denga silikhala bwino.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mkombero sungakhalepo popanda pakati pake. Choncho munthu aliyense wojambula mkombero wopatulika amakhala akuyankha mafunso atatu. Kodi pakati pa zinthu zonse pali yani? Kodi malire a amoyo ndi akufa, a zoyera ndi zodetsedwa, ali pati? Nanga ine malo anga ndi ati? Zithunzi zimenezi ndi mapu, koma si mapu osonyeza msewu wochokera ku Gweru kupita ku Bulawayo. Ndi mapu osonyeza munthu pamene waima pakati pa zooneka ndi zosaoneka.

Mandala a ku Asia

Dzina lodziwika kwambiri la zithunzi zotere ndi mandala. Ife a Chichewa tikamva mawu amenewa timaganiza za magalasi a maso, kapena dera la Mandala mu mzinda wa Blantyre, limene linatenga dzinali kwa John Moir wa kampani ya African Lakes, amene anthu anamutcha Mandala chifukwa cha magalasi ake. Koma mandala amene tikunena pano ndi mawu a Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, ndipo amatanthauza chinthu chozungulira. Mawu awiriwa angofanana kamvekedwe, sachokera kumodzi.

Kwa Ahindu ndi Abuda, mandala ndi chithunzi cha chilengedwe chonse. Kawirikawiri kunja kumakhala mikombero ingapo, mkati mwake muli nyumba yachifumu ya ngodya zinayi yokhala ndi zipata zinayi, chakum'mawa, chakumwera, chakumadzulo ndi chakumpoto. Pakatikati pamakhala mulungu kapena Buddha amene wopembedzayo akumusinkhasinkha. Wopembedza amayenda ndi maganizo ake kuchokera kunja, kudutsa malire amodziamodzi, kufikira atafika pakati. Amonke a ku Tibet amapanga mandala ndi mchenga wonyika m'mitundu yosiyanasiyana, kuuthira pang'onopang'ono kudzera m'timachubu tachitsulo. Ntchitoyi imatenga masiku ambiri. Ikatha, amasesa mchenga wonse naukathira mumtsinje, pofuna kuphunzitsa kuti palibe chokhalitsa pansi pano.

Pa chilumba cha Java ku Indonesia pali kachisi wa Borobudur, amene anamangidwa cha m'ma 800. Munthu womuona ali m'mwamba amaona mandala a miyala: nsanja zisanu ndi imodzi za ngodya zinayi, pamwamba pake nsanja zitatu zozungulira, pamene pali tinyumba 72 tooneka ngati mabelu, ndipo pakati penipeni pali chimodzi chachikulu. Wapaulendo wachipembedzo amakwera akuzungulira nsanja iliyonse, kusiya za dziko pambuyo pake. Sungani mfundo imeneyi mumtima mwanu: m'mapu amenewa pakati sipasuntha, ndipo munthu ndiye ayenera kuyesetsa kuti akafikepo.

Mkombero wa Akongo

Kuno ku Africa, anthu a mtundu wa Akongo, okhala chakumunsi kwa mtsinje wa Congo ndi kumpoto kwa Angola, ali ndi chizindikiro chotchedwa dikenga. Ndi mtanda wokhala mkati mwa mkombero. Mzere wopingasa umatchedwa Kalunga, ndipo umaimira madzi olekanitsa dziko la amoyo, lomwe lili pamwamba, ndi dziko la akufa, lomwe lili pansi. Nsonga zinayi za mtandawo ndi ulendo wa dzuwa, umenenso ndi ulendo wa munthu. Kutuluka kwa dzuwa ndiko kubadwa, dzuwa la paliwombo ndilo uchikulire ndi mphamvu, kulowa kwa dzuwa ndiyo imfa, ndipo pakati pa usiku ndi pamene dzuwa likuwalira akufa, kudikira kutulukanso. Pamene mfumu ya Akongo, Nzinga a Nkuwu, inabatizidwa m'chaka cha 1491, mtanda sunali chinthu chachilendo m'maso mwa anthu ake, ngakhale tanthauzo limene Apwitikizi anabwera nalo linali lina.

Bwalo la kwathu

Nanga makolo athu? Ku mapiri a Chongoni, pafupi ndi Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zojambula pa matanthwe, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006. Zina mwa zojambula zofiira zakale kwambiri, zimene akatswiri amati ndi za Abatwa, amene ife timawatcha Akafula, ndi mikombero yolowana, ina yokhala ndi timizere ngati kuwala kwa dzuwa.

Koma Achewa mapu awo aakulu sanawalembe pa thanthwe kapena pa chikopa. Anawaika pa bwalo la gule. Taganizirani mmene malo amaikidwira. Kuli mudzi, malo a amoyo. Kuli manda ndi thengo, malo a mizimu ndi nyama zakutchire, ndipo dambwe limakhala chakomweko, kumene wosameta saloledwa kufika. Pakati pa ziwirizi pali bwalo. Anthu amaima mozungulira, ang'oma mbali yawo, amayi oimba ndi kuomba m'manja mbali yawo, ndipo pakati pamatsala popanda kanthu kufikira vilombo vitatuluka. Nthano ya Kaphirintiwa imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama anali kukhalira limodzi mwamtendere, kufikira munthu atapeka moto umene unatentha tchire. Nyama zinathawa, ndipo Chauta anakwera kumwamba. Wansembe wina wofufuza za miyambo, Matthew Schoffeleers, anafotokoza kuti pa bwalo la Gule Wamkulu anthu, nyama ndi mizimu zimakumananso kwa kanthawi, monga zinalili moto usanabwere. Choncho bwalo ndi chithunzi cha dziko limene linasweka, ndi chikhumbo chakuti lilumikizikenso.

Eni dziko la Zimbabwe nawonso ali ndi mikombero yawo. M'nyumba yozungulira yophikiramo ya Ashona, mafuwa amakhala pakati, abambo amakhala pa chiunda cha mbali imodzi, amayi pa mphasa mbali inayo, ndipo kumbuyo kuli malo okwera otchedwa chikuva, pamene banja limalankhulira ndi makolo. Andebele, monganso Angoni a kwathu, ankamanga mudzi mozungulira khola la ng'ombe. Pakati pa Gweru ndi Bulawayo pali mabwinja a Naletale ndi Danangombe, malinga a miyala a m'zaka za m'ma 1600, pamene nyumba za olamulira zinkamangidwa pa malo okwera mkati mwa mpanda. Aliyense poona pamene wakhazikidwa ankadziwa kuti iye ndi yani.

Bwalo la ku komboni

Tsopano tifike pa mbiri yanu. Mzinda wa Gweru unayamba m'chaka cha 1894 ndi dzina lakuti Gwelo, ndipo dzinali linasintha m'chaka cha 1982. Mozungulira mzindawu munatsegulidwa migodi: golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, kromu ku Shurugwi, asibesitosi wa Shabanie ku Zvishavane, ndi ng'anjo zachitsulo ku Redcliff. Migodi inafuna manja ambiri, ndipo msonkho wa atsamunda unatulutsa amuna m'midzi ya Nyasaland. Ena anayenda pansi kudutsa ku Tete, ena anabwera pa Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Ambiri ankati akangopeza ya msonkho, ya njinga ndi ya bulangete abwerera. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha matchona.

Ku komboni nyumba zinali m'mizere yoongoka, zolembedwa manambala. Kumeneko kunalibe gogo wa mbumba, kunalibe manda a makolo, kunalibe mtengo wa kachere wa pabwalo. Belu la mgodi ndilo linkalamula kudzuka ndi kugona. Kodi n'zodabwitsa kuti amuna amenewa, pa tsiku lopuma ndi pa maliro, anasesa malo kuseri kwa komboni, naima mozungulira, naimba ng'oma? Eni dziko anawatcha zvigure kapena zvinyau, ena mwamantha, ena monyoza. Koma munthu wovina kapena woonerera anali kunena mumtima mwake kuti dziko lake likadali ndi pakati, ndipo iye akadali ndi malo. Ayao anamanga mizikiti yawo. Akhristu nawo anasonkhana: m'chaka cha 1912 mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kupita ku Salisbury kukatumikira anthu a kwathu, ndipo ntchito imeneyo inakula kufikira kukhala sinodi ya CCAP m'chaka cha 1965, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Onsewa anali kufunafuna chikhomo chomangirirapo chingwe cha moyo wawo.

Koma mkombero uli ndi mbali ina yowawa. Mzere womwewo umene umasunga a mkati ndi umenenso umatsekera a kunja. Inu mukudziwa bwino zimenezi. Ambiri mwa inu munabadwira ku Mkoba, ku Mtapa kapena ku komboni ya mgodi, simunapondepo ku Malawi, koma chitupa chanu chinalembedwa mawu osonyeza kuti ndinu mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa m'chaka cha 2001, ambiri anapezeka kuti alibe dziko ndipo sangavote. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 2013 anazindikira kuti obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC ndi nzika, komabe kupeza mapepala kwavuta mabanja ambiri amene makolo awo anamwalira opanda zikalata. Pamwamba pa izo, migodi ya Shabanie inalowa m'mavuto kuyambira m'chaka cha 2004, ndipo ng'anjo za ku Redcliff zinazima m'chaka cha 2008. Mnzanu wa Chishona ntchito ikatha amapita kumudzi kwawo kukalima. Nanga mwana wa mtchona apite kuti? Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma kodi kwanu ndi kuti, ngati uku akuti ndinu mlendo, ndipo uko sakukudziwani?

Mapu a Akhristu akale

Tisaganize kuti Akhristu sanajambule mikombero yotere. Mu tchalitchi chachikulu cha mzinda wa Hereford ku England muli mapu a dziko lapansi ojambulidwa pa chikopa chimodzi cha mwana wa ng'ombe cha m'ma 1300. Dziko ndi lozungulira, kum'mawa kuli pamwamba, Yerusalemu ali pakatikati, ndipo pamwamba pa zonse pali Khristu woweruza. M'mphepete mwa mkomberowo munalembedwa zilembo zinayi zopanga mawu a Chilatini otanthauza imfa, kusonyeza kuti zonse za mkati mwake zidzatha. Mapu ena a ku Ebstorf m'dziko la Germany, amene anapsa ndi mabomba m'chaka cha 1943, anaonetsa mutu wa Khristu pamwamba, manja ake m'mbali ndi mapazi ake pansi, ngati akufungatira dziko lonse.

Baibulo lenilenilo lili ndi dongosolo lotere. Pa Numeri chaputala 2, Aisraele m'chipululu anamanga mahema awo mozungulira chihema chokomanako: mbendera ya Yuda kum'mawa, ya Rubeni kumwera, ya Efraimu kumadzulo, ya Dani kumpoto, mafuko atatu mbali iliyonse, Alevi ali pafupi ndi chihema. Pa Miyambo 8:27 ndi Yobu 26:10 timawerenga za Mlengi akulemba mzere wozungulira pamwamba pa madzi akuya, monga mmisiri uja wa chikhomo ndi chingwe. Choncho mkombero si chuma cha chipembedzo chimodzi. Munthu anauona pa dzuwa, pa mwezi ndi pa utawaleza, zimene Mulungu anazilenga.

Mpando wokhala ndi magudumu

Tiyeni tsopano tione Ezekieli. Iye anali wansembe, ndipo malo a wansembe anali m'kachisi wa ku Yerusalemu. Koma m'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara anatenga mfumu Yehoyakini pamodzi ndi akuluakulu ndi amisiri kupita nawo ku Babulo, ndipo Ezekieli anali mmodzi wa iwo. Anawakhazika m'mbali mwa mtsinje wa Kebara, m'dziko la eni, la chinenero china ndi milungu ina. Pa mapu amene Myuda aliyense anali nawo mumtima, Yerusalemu ndiye anali pakati, ndipo Babulo anali kunja, ku dziko lodetsedwa. Wansembe wopanda kachisi anali ngati chingwe chozuka pa chikhomo.

M'chaka chachisanu cha ukapolowo, kumwamba kunamutsegukira. Anaona mtambo waukulu ndi moto kuchokera kumpoto, ndi zamoyo zinayi, chilichonse ndi nkhope zinayi: ya munthu, ya mkango, ya ng'ombe ndi ya chiwombankhanga. Pambali pa chamoyo chilichonse panali gudumu, looneka ngati gudumu lina lili mkati mwa linzake, ndipo mikombero yake inali yodzala ndi maso. Magudumuwo ankatha kupita mbali iliyonse mwa mbali zinayi popanda kukhota. Pamwamba pa zamoyozo panali thambo lonyezimira, pamwamba pa thambolo mpando wachifumu, ndipo pampandopo wina wooneka ngati munthu, atazingidwa ndi kuwala konga utawaleza.

Taonani, abale, zonse zimene taziona m'mapu a mitundu ina zili pano: mikombero, mbali zinayi, nyama ndi munthu, pansi ndi pamwamba, ndi wina wokhala pakati. Koma pali chinthu chimodzi chatsopano. Mpando umenewu uli ndi magudumu. Kachisi wa Borobudur sangachoke ku Java. Manda a makolo anu sangachoke ku Dedza kapena ku Kasungu. Koma mpando wa Mulungu wa Israele unafika kumene akapolo anali kukhala, m'mbali mwa madzi a dziko lachilendo. Pa Ezekieli 11:16 Mulungu akuwauza kuti ngakhale anawabalalitsa kutali pakati pa mitundu ina, Iye mwini ndiye wakhala malo awo opatulika kumene anapitako. Ezekieli ankayesa kuti ali kunja kwa mkombero, koma anapeza kuti pakati pamutsatira.

Chipangano Chatsopano chikupitiriza mfundo yomweyi. Kalata ya kwa Ahebri 13:12 ikutikumbutsa kuti Yesu anazunzika kunja kwa chipata cha mzinda, kumene ankaponyako odetsedwa ndi okanidwa. Iye amene Akolose 1:17 akunena kuti zinthu zonse zimagwirizana mwa Iye anatuluka kunja kwa mpanda kudzafuna amene anali kunjako. Uku ndiko kusiyana kwa Uthenga Wabwino ndi njira zimene munthu amakwera nsanja ndi nsanja mwa kuyesetsa kwake. Ndipo m'Chivumbulutso chaputala 4, 5 ndi 7, Yohane, nayenso ali mkaidi pa chilumba cha Patmo, anaona bwalo lalikulu koposa onse: mpando wachifumu wozingidwa ndi utawaleza, zamoyo zinayi, akulu 24, angelo osawerengeka, ndi khamu la anthu a fuko lililonse ndi chinenero chilichonse, Mwanawankhosa ali pakati. Mzinda wa pa chaputala 21 uli ndi zipata 12, zitatu mbali iliyonse, ndipo zipatazo sizitsekedwa. Pa bwalo limenelo safunsa chitupa.

Tichite nazo chiyani?

Choyamba, tisaope chithunzi. Masiku ano mandala amapezeka pa zitenje, pa mbale, pa mafoni ndi m'mabuku a ana opakamo mitundu. Ena amafunsa ngati ayenera kutentha nsalu yotere. Mzere wozungulira paokha ulibe mphamvu pa mwana wa Mulungu. Chofunika kufunsa ndi ichi: kodi ndikugwadira yani, ndipo ndikuyembekezera thandizo kwa yani? Ngati wina akukuitanani kuti muike mtima wanu pa mulungu wina wokhala pakati pa chithunzicho, pamenepo Mkhristu amakana mwaulemu.

Chachiwiri, tisanyoze anansi athu ndi makolo athu. Mipingo yakhala ikusiyana ndi gule kuyambira masiku a amishoni oyamba, ndipo ife sitibisa kuti mkhalapakati wathu ndi mmodzi yekha, Yesu Khristu. Koma agogo amene anasesa bwalo kuseri kwa komboni anali kufunsa funso loona, funso la munthu wosungulumwa m'dziko la eni. Paulo ku Atene anayamba wayendera malo opembedzera a anthu a kumeneko ndi kuwamvetsa, asanawauze za Mulungu amene iwo sanamudziwe. Ifenso tilankhule ndi abale athu motero, mwachifatso ndi mwachikondi.

Chachitatu, tidzifunse tokha. Aliyense wa ife ali ndi chikhomo chimene moyo wake ukuzungulirapo. Kwa ambiri chinali mgodi: nyumba inali ya mgodi, sukulu ya mgodi, chipatala cha mgodi, ngakhale bokosi la maliro. Mgodi utatsekedwa, zonse zinagwa pamodzi. Kwa ena lero ndi golide wa m'maenje, kwa ena mwana amene ali ku Joni. Zonsezi zimasuntha. Ndipo mpingo umene umaimba za bwalo la mitundu yonse uyenera kuonetsa bwalolo pansi pano: Mchewa, Mshona, Mndebele ndi Myao pa benchi limodzi, nkhalamba yopanda wachibale ikuyenderedwa, mwana wopanda chikalata cha kubadwa akuperekezedwa ku ofesi kufikira atathandizidwa.

Bwenzi lathu, kaya muli ku Senga, ku Mkoba kapena m'nyumba yakale ya komboni imene denga lake likudontha, Mulungu amene anapeza Ezekieli ku Kebara akudziwa pamene mukukhala. Simusowa kukwera basi ya ku Lilongwe kapena ndege ya ku Yerusalemu kuti mumupeze. Muitaneni pomwe mulipo, ndipo mumangirire moyo wanu pa Iye. M'phunziro lotsatira tidzaona chaputala chachiwiri ndi chachitatu, pamene Mulungu akuimiritsa Ezekieli ndi kumutuma kwa anthu a mtundu wake. Kufikira nthawi imeneyo, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.